Ngalande za ku Beira ndi Mpando wa a Simango

Kuyambira caka ca 2023 vila yathu ya Insaca ili ndi munisipiyo wakewake. Boma linaonjeza mamunisipiyo 12 m'dziko muno, onse pamodzi nakwana 65, ndipo pa 11 Okutobala caka comweco anthu a ku Insaca anaponya voti koyamba kusankha wowayang'anira. Ife a kuno ku Chiuta sitinavote nao, poti malire a munisipiyo satifika. Koma msika ndi womwewo, maofesi a boma ndi omwewo, ndipo matope a mu Januwale timapondera limodzi. Tsono funso lakhala likumveka m'makalasi a akulu ophunzira kuwerenga ndi pa mabwalo a mipingo: kodi munthu ameneyu, amene pa Cipwitikizi amati presidente do município, anzathu a ku Malawi namati meya kapena mfumu ya mzinda, nchito yake nciyani? Nanga tidzadziwa bwanji kuti wagwira nchito kapena wangodya?

Funso lotere siliyankhidwa ndi buku la malamulo lokha. Pafunika munthu weniweni amene anakhalapo pa mpandowo, kuti tione cimene anacita nao. Ife tasankha malemu Daviz Simango, amene anayang'anira mzinda wa Beira zaka 17. Anasankhidwa kanai, mu 2003, 2008, 2013 ndi 2018, ndipo imfa inawapeza akali pa udindo, pa 22 Febuluwale 2021, m'cipatala ku South Africa. Masiku a maliro ao aliyense anawayamika, ngakhale aja amene anakhala zaka zonsezo akuwachera misampha. Ndi mwambo wathu umenewo, pa siwa sawerengera munthu milandu. Koma maliro anatha kale, ndipo magazini ya mbiri ikamangobwereza zolankhula za kumanda ndiye kuti yasiya nchito yake.

Beira ndi ku Sofala, kutali ndi ife, ndipo sitima yathu ya pa Entre-Lagos imaloza ku Nacala. Komabe nkhani ya banja la a Simango inadutsa m'Niassa mwathu muno, ndipo akuluakulu ena amene akuwerenga pano akuidziwa ngakhale saikamba. Bambo wao, Abusa Uria Simango, anali mbusa wa Ciprotestanti, Mndau wa ku Sofala. Pamene Frelimo inakhazikitsidwa ku Dar es Salaam mu 1962, iwo ndiwo anakhala waciwiri kwa Eduardo Mondlane. Mondlane ataphedwa ndi bomba la m'phukusi pa 3 Febuluwale 1969, utsogoleri unaikidwa m'manja mwa anthu atatu: Uria Simango, Samora Machel ndi Marcelino dos Santos. Caka cisanathe Abusa Simango analemba kalata yodzudzula anzao poyera, ndipo posakhalitsa anacotsedwa m'cipani. Mu 1974, ulamuliro wa Apwitikizi ukugwa, anabwerera ku Beira nayambitsa cipani cina pamodzi ndi anzao. Anagwidwa ku Malawi naperekedwa kwa Frelimo. Mu 1975 anaonetsedwa pa gulu ku Nachingwea, ku Tanzania, monga wopereka dziko, kenaka anabwera nao kuno ku Niassa, ku kampu ya M'telela ku Majune. Sanatulukekonso. Mai Celina, akazi ao, naonso anaphedwa. Boma silinaonetse ana manda a makolo ao. Amene amawerenga Cipwitikizi angaipeze nkhaniyi m'buku la Barnabé Lucas Ncomo lochedwa Uria Simango: Um Homem, Uma Causa, la mu 2004.

Daviz anabadwa mu 1964, ndiye kuti anali mwana wa zaka 11 pamene bambo wake ankaimikidwa pa gulu ku Nachingwea. Analeredwa ndi acibale, naphunzira za uinjiniya wa zomangamanga ku Maputo, pa yunivesite yochedwa dzina la Mondlane yemwe uja.

Tayamba ndi bambo cifukwa ku Beira dzina la Simango linali khomo lotseguka kale. Anthu a ku Sofala anali ndi cilonda cao ndi boma la ku Maputo, ndipo poona mwana wa Abusa Uria ambiri anavota ndi misozi yakale. Zimenezi tisabise. Koma tisabisenso ici: munthu amene makolo ake onse awiri anaphedwa m'manja mwa cipani colamula akanatha kumanga ndale zake pa kubwezera, ndipo anthu akanamuombera m'manja. A Daviz sanatero. Nkhani zao zinali zinyalala, misewu ndi madzi. Ife abusa timalalikira kawirikawiri za kusabwezera coipa, koma ndi ocepa mwa ife amene anayesedwapo ndi moto wotere.

Tsono tione mpando weniweniwo. Mamunisipiyo anayamba mu 1998, ali 33, ndipo a kuno ku Niassa anali Lichinga, Cuamba ndi Metangula. Renamo inakana cisankho coyambaco, ovota nakhala ocepa zedi. Mu Novembala 2003 Renamo inalowa nao, nipambana mipando isanu ya umeya, waukulu mwa yonse uli wa Beira, umene anautenga a Simango. Nchito zimene lamulo limapatsa meya zimaoneka ngati zazing'ono: kutola zinyalala, kusamala misika ndi manda, kukonza misewu ya m'kati mwa mzinda ndi ngalande, kugawa malo omangapo nyumba, kutolera misonkho ya mzinda. Doko la Beira, limene limadyetsa Zimbabwe, Malawi ndi Zambia, silili m'manja mwa meya. Magetsi, madzi a m'mipope, asilikali ndi apolisi a dziko, zonsezo nza boma lalikulu. Ndalama zina amatolera yekha m'misika ndi pa malo, zina amadikira kuti zicokere ku Maputo. Ndiye taganizani meya wa cipani cotsutsa: pamwamba pake pali bwanamkubwa wa Frelimo, pambali pake pali adiministradore wa Frelimo, ndipo thumba lagwiridwa ndi nduna ya Frelimo. Mu 2014 kunabukanso ganizo lakuti mzindawo udulidwe, mabairo ambiri acoke m'manja mwa munisipiyo. Silinacitike, koma likutionetsa mphepo imene munthuyo ankayendamo. Aliyense wofuna kuweruza a Simango ayambe wadziwa kuti khasu limene anapatsidwa linali la mpini waufupi.

Beira anamangidwa pa dambo, pamene mtsinje wa Púnguè umathira m'nyanja ya mcere. Mbali zina za mzinda nzotsika kuposa pamene madzi a nyanja amafika ikadzaza. Ife a m'mbali mwa Chiuta ndi Chilwa tikudziwa khalidwe la malo otere: mvula ikagwa madzi sapita kulikonse, amangoima, zimbudzi nizisefukira, kolera nabwera. Kusiyana kwake nkwakuti kwathu kuno madzi akafika pakhomo timasamukira kumtunda, pamene ku Beira kuli anthu oposa theka la miliyoni ndipo mtunda woti onsewo athawireko kulibe. Ngalande zimene Apwitikizi anasiya zinali zitakwiririka m'zaka za nkhondo. Kamtsinje ka Chiveve, kamene kamadutsa pakati pa mzinda, kanatsekeka kukamwa kwake nikasanduka dzala lonunkha.

Apa mpamene mphatso ya munthuyu inaonekera. Anali injiniya, ndipo mzinda ankauona ndi maso a injiniya: madzi alowa pati, atuluka pati. Zaka zoyamba nchito inali ya mafosholo ndi mathirakitala ocepa, kufukula ngalande, kucotsa milu ya zinyalala imene anthu anali atazolowera kuilambalala, kukwirira maenje a m'misewu. Anthu ankawaona okha m'mabairo, ataima pa ngalande pamodzi ndi anchito. Cimeneci cokha cinali cacilendo m'dziko limene bwana timamuonera pa galasi la galimoto. Pambuyo pake kunabwera nchito zazikulu. Ndi thandizo la akatswiri a ku Netherlands, dziko limene nalonso limalimbana ndi nyanja, mzinda unalemba pulani yofika caka ca 2035. Ndi ndalama za Banki ya Dziko Lonse anakonza ngalande zikuluzikulu za makilomita 11, pamodzi ndi thamanda losungira madzi ku Maraza ndi zitseko zimene amatseka nyanja ikadzaza, natsegula ikaphwa. Ndi ndalama za Ajeremani anatsegulanso Chiveve, m'mbali mwake namangamo malo a mitengo opumulirako anthu.

Pano otsutsa ali ndi mau, ndipo tiwamvere. Amati ndalamazo sanazipeze ndi a Simango, zinadzera ku boma la ku Maputo, ndipo nthambi za boma ndizo zinayendetsa makontarakiti. Nzoona zimenezo, ndipo a MDM akamakamba ngati meya anakumba yekha ndi ndalama za m'thumba mwake amakhala akuonjeza mcere. Koma ngalande si kukumba kokha ai. Ngalande imafuna woisesa caka ndi caka mvula isanagwe, woletsa anthu kutayamo zinyalala, wodzuka usiku kukatsegula zitseko pa ora lake. Ndi nchito zingati m'dziko muno zimene zinatsegulidwa ndi magule ndi nthungululu, patangopita dzinja ziwiri zonse zakwiririka? Opereka ndalama naonso ali ndi maso, amaponya mbeu pamene aona kuti pali wopalira. Ulemu wa kupeza ndalama agawane ndi boma. Ulemu wa kusamala ngwa munisipiyo.

Mayeso anafika usiku wa pa 14 Malici 2019. Namondwe Idai, yemwe uja anayamba wagwetsa cimvula ku Zambézia ndi kumwera kwa Malawi, anabwerera ku nyanja, nakatengako mphamvu, nadzagwera pa Beira penipeni. Mphepo inasasula madenga mzinda wonse, nyumba za anthu, sukulu, zipatala, nyumba za mapemphero. Magetsi anazima, mafoni anaduka, msewu wopita ku Chimoio unakokoloka, ndipo kwa masiku angapo Beira anali ngati cilumba. Boma linawerenga anthu oposa 600 amene anafa m'dziko muno. Koma m'mabairo amene ngalande zatsopano zinafikako madzi anaphwa msanga, ndipo cigumula coopsa cija ca anthu okwera m'mitengo ndi pa madenga cinali kunja kwa mzinda, ku Búzi ndi m'zigwa za mitsinje. Akatswiri anaonjezapo kuti panalinso mwai, popeza namondweyo sanafike pa masiku amene nyanja imadzaza kwambiri. Motero sitinganene kuti ngalande zokha ndizo zinapulumutsa mzinda, komanso sitinganene kuti zinakumbidwa cabe. M'masiku otsatira meya anali m'misewu ndi anthu ake, kucotsa mitengo yakugwa kuti magalimoto a thandizo adutse. Kumapeto kwa Meyi maiko ndi mabungwe anasonkhana ku Beira komweko nalonjeza madola 1.2 biliyoni, pamene boma linati pafunika 3.2 biliyoni. Lonjezo silifolera nyumba. Namondwe wina, Eloise, atafika mu Januwale 2021, anapeza mabanja ambiri akali pansi pa malona.

Nanga zimene sizinacitike? Mwana wobadwa caka cimene a Simango analowa mu ofesi anali mnyamata wometa ndevu pamene ankamwalira, ndipo mwana ameneyo ngati anabadwira ku Munhava kapena ku Praia Nova anakula akupondabe madzi m'nyumba dzinja lililonse. Nyanja inapitirira kudya gombe. Grande Hotel, cinyumba cija Apwitikizi anamangira alendo olemera, cinakhalabe mudzi wa mabanja osauka, opanda madzi ndi zimbudzi. Zina mwa izi zimafuna ndalama zoposa mphamvu ya munisipiyo, tavomera. Koma kugawa malo ndi nchito ya munisipiyo, si ya Maputo. M'zaka zonsezi nyumba zinapitirira kumera m'madambo, m'malo amene madzi amayenera kugona, ndipo dambo likadzaza nyumba madzi amapita kwa mnansi. Kuletsa munthu wosauka kumanga pamene wapeza ncinthu cowawa, ndiponso cimataitsa mavoti. Meya amene mphamvu yake inali m'mabairo a anthu osauka sakanathamangira kucita zimenezo. Ife tikuona kuti injiniya ankadziwa coyenera, koma wandale ankamugwira dzanja.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono, ku caka ca 2008, pakuti m'menemo ndimo muli cinthu cimene a Simango anapatsa dziko lonse, osati Beira yekha. Cisankho citayandikira, mtsogoleri wa Renamo, Afonso Dhlakama, anawasiya pambali naika Manuel Pereira kuti ndiye aimire cipani ku Beira. Zifukwa zinanenedwa zambiri, koma paja akulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo wamng'onoyo anali atayamba kumveka kuposa mwini khola. Anthu a m'mabairo anakwiya natuluka m'misewu. A Simango anaima paokha, Renamo niwacotsa m'cipani. Pa 19 Novembala anapeza mavoti pafupifupi 62 pa 100 alionse. Lourenço Bulha wa Frelimo anatsatira patali, ndipo munthu wa Renamo, m'mzinda umene aliyense ankati ngwa Renamo, sanafike ndi pa 5 pomwe. Pa cisankho cimeneco Frelimo inatenga mamunisipiyo 42 mwa 43. Renamo inataya onse amene inali nao. Unatsala umodzi wokha, m'manja mwa munthu wopanda cipani.

Ife a ku Mecanhelas timve bwino pamenepa. Kwathu kuno voti timaiona ngati mtundu wobadwa nao: uyu ngwa ng'oma ndi cimanga, uyo ngwa nkhwali, ndipo wosintha timamuyesa mfiti. Inatisiyira zimenezo ndi nkhondo ya zaka 16, ija inatibalalitsa, ena ku Malawi, ena m'mabango a m'nyanja. Aliyense akukumbukira amene anamuochera nkhokwe, ndipo amavota ndi cikumbukiro cimeneco. Sitikuwaseka, cilonda ncao. Koma anthu a ku Beira, amene nkhondoyo inawapweteka monga ife, anaonetsa kuti munthu angathe kukonda nkhwali moyo wake wonse, pa tsiku la voti nkudzifunsa kuti kodi ngalande ya kuseri kwa nyumba yanga anafukula ndani.

Cisoni cake ncakuti khomo limeneli linacepetsedwa. Kuyambira 2018, potsatira zimene Pulezidenti Filipe Nyusi anagwirizana ndi a Dhlakama, sitivoteranso meya payekha. Timavotera mndandanda wa cipani kapena wa gulu la nzika, ndipo amene dzina lake lili pamwamba pa mndandanda wopambana ndiye meya. Ndi mmene anavotera a ku Insaca. Motero meya amayang'ana kuwiri: kwa anthu amene anaponya voti, ndi kwa akuluakulu a cipani amene anamuika pamwamba pa pepala. Mwa awiriwa tonse tikudziwa amene amaopedwa kwambiri. Cotsala m'manja mwa anthu wamba ndi maso ndi pensulo. Misonkhano ya assembleia ya munisipiyo njapoyera mwa lamulo, aliyense angathe kukakhala pa benci nkumvera. Inu amene mwaphunzira kuwerenga ndi kuwerengera, nayo nchito ya luso lanulo: sungani malisiti a msonkho wa pa msika, funsani kuti caka cino zatoleredwa zingati ndipo zagula ciyani, yang'anani mu Okutobala ngati ngalande zafukulidwa, onani amene akupatsidwa malo ndi pamene akupatsidwapo. Cisankho cina ca mamunisipiyo cikuyembekezeka mu 2028, ndipo wofika kumeneko ndi kope lolembamo saopsedwa ndi malaya aulere.

Tsopano tifike pa mbali imene otamanda amadumpha. Mu Malici 2009, ku Beira komweko, a Simango anakhazikitsa cipani cao, Movimento Democrático de Moçambique, mwacidule MDM, cizindikiro cake tambala. Anzathu a kutsidya kwa malire, amene tambala wakuda amamudziwa kuyambira nthawi ya Kamuzu, asasokonezeke, uyu ngwina. Anaimira upulezidenti wa dziko katatu. Mu 2009 anapeza mavoti 8.6 pa 100, mu 2014 anapeza 6.4, mu 2019 anapeza 4.4. Aphungu a cipani cao anali 8, kenaka 17, kenaka 6. Bwalo silinali losalala, zimenezo tikudziwa. Mu 2009 bungwe loyendetsa zisankho, CNE, linakana mindandanda ya MDM m'zigawo 9 mwa 13, ndipo madandaulo a kubera mavoti sanasowepo pa cisankho cilicose ca m'dziko muno. Komabe manambala otsika ulendo ndi ulendo ali ndi cao conena, ndipo sitingawakankhire onse kwa CNE.

Panali nthawi imene zinkaoneka ngati zitheka. Mu Disembala 2011 Manuel de Araújo anatengera MDM mzinda wa Quelimane pa cisankho capadera. Tsiku lomwelo kunali cisankho pafupi nafe pano, ku Cuamba, kumene Mai Maria Moreno anaimira MDM koma sanapambane. Mu 2013, Renamo itakana kulowa nao ndipo mfuti zitayambanso kulira ku Sofala, MDM inatenga Beira ndi mavoti 70 pa 100, nitenganso Quelimane ndi Nampula, kenaka Gurué mu 2014. Ambiri, ndi m'mipingo momwe, anaganiza kuti njira yacitatu yapezeka: cipani cotsutsa boma koma copanda asilikali m'phiri, cokopa anthu ndi misewu yosesedwa. M'dziko lotopa ndi nkhondo cimeneco cinali ciyembekezo cacikulu, ndipo ncifukwa cake kugwa kwake kumatiwawa.

Zaka zisanu zokha, zonse zinamwazika. Mahamudo Amurane, meya wa Nampula, amene anthu a kumeneko ankamutama cifukwa ca ukhondo wa mzinda, anakangana poyera ndi atsogoleri a cipani cake. Anaomberedwa ndi mfuti pa 4 Okutobala 2017, tsiku lokumbukira mtendere. Mlandu wa imfa imeneyo sitikuuika pa munthu aliyense m'nkhani ino. Cimene tikunena ncakuti anafa atapatukana kale ndi a Simango. Mu 2018 Manuel de Araújo anapita ku Renamo, Quelimane napita naye. Venâncio Mondlane, amene anagwedeza Frelimo ku Maputo mu 2013 atavala tambala, anacita cimodzimodzi. Pa cisankho ca mu Okutobala 2018 MDM inatsala ndi Beira yekha, ndipo ngakhale kumeneko mavoti sanafike theka.

Dandaulo limene linkamveka kawirikawiri ndi lakuti cipani casanduka munda wa banja limodzi ndi mzinda umodzi. Mtsogoleri wa cipani anali a Daviz, mtsogoleri wa aphungu ake ku Nyumba ya Malamulo anali akulu ao a Lutero. Ena mwa ocokawo anali ndi njala yaoyao ya mipando, sitikana, ndipo Renamo itabwerera pa bwalo inatenganso mavoti ake amene MDM inangobwereka mu 2013. Koma anthu aluso akamatuluka pakhomo mmodzimmodzi, mwini nyumba ayenera kudzifunsa. Cotidabwitsa ncakuti a Simango ankaidziwa bwino nthenda imeneyi, pakuti inawagwera iwo eni mu 2008. Anacoka ku Renamo cifukwa mwini khola sanafune tambala wina, ndipo m'khola laolao atambala ena sanapezenso polirira. Mose anali ndi mpongozi wake Yetero, amene anamuona akuweruza anthu yekha kuyambira m'mawa kufikira madzulo, namulangiza kuti asankhe amuna okhulupirika agawane nao katundu. Mose anamvera. Kugawa nchito ambiri amatha, cimene cimavuta atsogoleri athu, a ndale ndi a mpingo omwe, ndico kugawa ulemu.

Palinso ici. Munthu mmodzi anali meya wa mzinda womira m'madzi, mtsogoleri wa cipani, ndiponso wofuna upulezidenti, woyenda dziko lonse kucokera ku Rovuma mpaka ku Maputo nyengo ya kampeni iliyonse. Mapanga awiri avumbwitsa, nanji atatu. Mpando wa Beira sakanausiya, pakuti ndiwo unali umboni wao wokhawo pamaso pa dziko, ndiponso ndiwo unkasunga cipani. Cipani sakanacisiya, pakuti cinali cao. Lamulo limaletsa Pulezidenti wa dziko kupitirira maulendo awiri otsatizana, koma meya alibe malire otero, ndiye panalibe cowakakamiza kusankha. Ife tikukhulupirira kuti akanapereka umeya kwa wina mu 2013, dzina lao lili pamwamba, kapena akanapereka cipani kwa wina iwo nkutsala ndi ngalande zao, cimodzi mwa ziwirizi cikanakula kuposa mmene cinakulira. Mphatso yao yeniyeni inali ya mzinda. Pa nsanja ya dziko mau ao sankanyamula khamu monga a Dhlakama, ndipo ku midzi ngati yathu ino, kumene kulibe ngalande ya simenti yoti munthu aloze, uthenga wa Beira sunkamveka.

Atamwalira, mpando wa Beira unapita kwa Albano Carige, amene anali mmodzi wa owathandiza m'munisipiyo, ndipo mu Okutobala 2023 anthu a ku Beira anamusankha, mzinda nukhalabe m'manja mwa MDM, wokhawo m'dziko lonse. Pamenepo malemuwo tiwapatse ulemu wao, mu mzinda anasiya wophunzira wodziwa pamene pali zitseko za madzi. M'cipani, msonkhano waukulu wa mu Disembala 2021 unasankha a Lutero Simango kulowa m'malo mwa mng'ono wao. Pa cisankho ca pa 9 Okutobala 2024, cija cinatsatidwa ndi zipolowe ndi imfa za anthu ambiri, zotsatira zimene Conselho Constitucional inalengeza zinapatsa a Lutero mavoti 4 pa 100. Venâncio Mondlane, yemwe uja anatuluka m'khola la tambala mu 2018, anamupatsa 24, iye nakana, nati amubera.